NSADZU: MBALAME YOSALERA ANA AKE

Alimi ambiri kuno ku Kasungu amadziwa nzeru yoika mazira a nkhanga kapena a bakha pansi pa thadzi lofungatira. Thadzi limaswa, nkulera anapiye omwe si ake. Kodi mukudziwa kuti kutchire ziliko mbalame zomwe zimachita zomwezi popanda munthu kuzithandiza? Pa dziko lonse pali mitundu pafupifupi 100 ya mbalame zotere. Imodzi mwa izo ndi nsadzu, mbalame ija imalondolera anthu ku njuchi.

Nsadzu samanga chisa ndipo safungatira. Wamkazi amazembera zisa za mbalame zoswera m'mphako, monga zija zogogoda mitengo, kapena zoswera m'mauna a pansi, monga mbalame zazing'ono zodya njuchi. Eni chisa akachokapo, iye amalowa, kuikira dzira limodzi, ndipo kawirikawiri amaboola mazira omwe wawapeza. Akatero amapita kukafuna chisa china.

Dzira la nsadzu limakhala m'mimba mwa make tsiku limodzi loonjezera lisanaikidwe, choncho limafulumira kuswa. Kamwanako kamabadwa kopanda nthenga, maso ali otseka, koma kunsonga kwa mlomo kali ndi tingowe takuthwa. Mwana wa eni chisa akangoswa, kamamuluma ndi kumugwedeza mpaka kufa. Katswiri wa mbalame Claire Spottiswoode anajambula zimenezi ndi makamera m'mauna ku Choma, m'dziko la Zambia, ndipo anazilengeza mu 2011. Tingoweto timatha kamwanako kakamakula. Eni chisa amakadyetsa kokhakokha pafupifupi mwezi wathunthu mpaka kauluke.

Nanga phindu lake nchiyani? Kufungatira ndi kudyetsa ana ndi ntchito yotha mphamvu. Nsadzu mphamvu zakezo amaziika pa kuikira, ndipo pa nyengo imodzi akhoza kuikira mazira ofika 20. Pomwaza mazira m'zisa zambiri, njoka ikalowa m'chisa chimodzi ena amapulumuka. Ndi monga mlimi yemwe sadalira munda umodzi.

Mbalame zoberedwa nazo sizimangokhala. Akulu anati timba sachepa ndi mazira ake. Ku Choma komweko kuli timbalame tating'ono ta m'udzu tomwe wamkazi aliyense amaikira mazira a mtundu ndi mawanga akeake. Mbalame ina yozembera zisa ikaikamo dzira losafanana bwino, timalizindikira nkulitaya kunja.

Pomva izi wina anganene kuti nsadzu ndi mfiti yoyenera legeni. Tiyeni tiyambe taona mbali inayo. Nsadzu amadya phula ndi ana a njuchi, koma payekha sangathe kutsegula mphako. Ndiye chifukwa chake amaitana munthu, yemwe ali ndi nkhwangwa ndi utsi. Mu 2016 kafukufuku wa m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique anaonetsa kuti pogwiritsa ntchito kaitanidwe ka Ayao ofula uchi, nsadzu ankabwera kudzatsogolera maulendo 66 pa 100 aliwonse, pomwe ndi phokoso wamba anali maulendo 33 okha. Mwayi wopeza njuchi unakula katatu. Chodabwitsa nchakuti mbalameyi siiona nkomwe makolo ake pokula, koma ntchitoyi imaidziwa.

Tsono apa mpomwe nkhaniyi ikutikhudza. Nsadzu sangaswane popanda mbalame zomulerera, ndipo zambiri mwa izo zimafuna mitengo ikuluikulu ya mphako, yomwenso njuchi zimakonda. Mitengo yomweyo ya tsamba, mombo ndi mtondo ndiyo tatha kudula pochizira fodya wa kampopi, pomanga zigafa ndi potsegula minda. Kuchokera ku Santhe mpaka ku Chulu, mitengo yotere yambiri yatsalira kumanda ndi m'nkhalango ya Kasungu National Park. Mphako zikatha, mbalame zolera zimachoka, nsadzu nayenso nkusowa.

Choncho pokonza munda chaka chino siyani mitengo ingapo ikuluikulu, ngakhale youma ya mphako. Nkhuni ndi milimo ya chigafa zichokere m'nkhalango yodzala nokha. Letsani ana kupasula zisa ndi kutchera ulimbo nthawi yoswana, ndipo musatenthe tchire mwachisawawa. Mukafula uchi musagwetse mtengo, ndipo musaiwale kumusiyirako phula mnzanu uja wakulondolerani.