Khansa ya kapamba mwa munthu wopanda imvi: mfundo 7 zodabwitsa

Mnyamata wa kwa Kasakula akayamba kuwonda, mudzi umakhala nawo kale mayankho: kachilombo, zilonda zam'mimba, kapena pali dzanja la munthu. Palibe amaganiza za kapamba. Zoonadi khansa imeneyi siyofala kwathu ngati ya khomo la chiberekero kapena ya kummero, koma ikagwira munthu wa zaka 35 imathamanga, banja lisanadziwe n'komwe dzina lake.

1. Dzina lenilenilo limasokoneza. Tikati kapamba, ambiri timaganiza za uja amatupa kumanzere, pansi pa nthiti, mwana akadwaladwala malungo. Koma dzina lomweli timatchuliranso chiwalo china chotalika masentimita pafupifupi 15, chobisala kuseri kwa chifu, chomwe chimapanga insulini ndi madzi ogaya chakudya. Khansa tikunenayi ndi ya chiwalo chachiwirichi. Chili mkati kwambiri moti dzanja la dokotala silingachikhudze msanga, n'chifukwa chake chotupa chimakula mwakachetechete.

2. Amati ndi matenda a okalamba, ndipo ambiri amapezeka nayodi atapitirira zaka 65. Komabe pa odwala 100, pakati pa 5 ndi 10 amakhala osakwana zaka 50.

3. Chizindikiro chachikulu nthawi zambiri sichipweteka. Chotupa chikamera kumutu kwa kapamba chimatseka njira ya ndulu: maso amachita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chimatuwa, thupi lonse limayabwa. Kuno chikasu timachiloza ku malungo kapena ku matenda a chiwindi, ndipo kawirikawiri timalondola. Chondidetsa nkhawa ndi munthu amene wayezedwa malungo osapezeka, wamwa mankhwala a zilonda miyezi itatu osasintha, ululu wa pamwamba pa mchombo ukulasa mpaka kumsana, mwinanso shuga wangomuyamba pamene akuwonda. Woteroyo asabwerere kumudzi ndi mapiritsi okha. Apemphe kalata yopita kuchipatala cha boma ku Ntchisi kapena ku Dowa, ndipo ngati pafunika sikani yoona mkati bwinobwino, ulendo wake ndi wa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe kulinso National Cancer Centre.

4. Mpeni wokha ndiwo ungachize, koma ndi ochepa amafika pampeni. Ngakhale m'mayiko olemera, wodwala mmodzi yekha pa asanu, mwinanso osakwana, ndiye amapezeka chotupa chikadali chochotseka. Opaleshoni yake imadziwika ndi dzina la Allen Whipple, dokotala wa ku New York amene anaifotokoza mu 1935. Amachotsa mutu wa kapamba, ndulu, mbali ya njira ya ndulu ndi chiyambi cha matumbo aang'ono, kenaka n'kulumikiza zotsalazo. Imatenga maola ambiri. Ku America, pa odwala 100, pafupifupi 13 ndiwo amakhala akadali moyo patatha zaka zisanu. Ikapezeka isanachoke m'kapamba amapitirira 40, koma ikafalikira kutali amatsala atatu okha.

5. Unyamata umathandiza, koma osati m'njira yomwe timaganizira. Chotupa cha wachinyamata sichofatsa kuposa cha gogo. Mwayi wake uli pa thupi lotha kupirira mankhwala aukali. Mu 2011 madokotala a ku France anaonetsa kuti mankhwala osakaniza otchedwa FOLFIRINOX, pa khansa yofalikira, amafikitsa theka la odwala pa miyezi 11, pomwe mankhwala ena otchedwa gemcitabine amawafikitsa pa miyezi yosakwana 7. Wina anganene kuti miyezi inayi n'chiyani. Kwa bambo wa ana aang'ono, ndi nyengo yonse kuyambira kuwokera fodya mpaka kupachika m'chigafa, nthawi yokonza za munda ndi za sukulu ya ana pakamwa pakadali mawu. Mu 2018 zinaonekanso kuti mankhwala omwewa akaperekedwa pambuyo pa opaleshoni, theka la odwala limadutsa miyezi 54, poyerekeza ndi miyezi 35 ya gemcitabine.

6. Si chotupa chilichonse cha m'kapamba chomwe chili chofanana ndi chinzake. Steve Jobs wa kampani ya Apple anapezeka nacho mu 2003 ali ndi zaka 48, nakhala mpaka 2011, chifukwa chotupa chake chinali cha mtundu wokula pang'onopang'ono, womera m'timaselo topanga mahomoni. Palinso mtundu wina wosowa womwe umakonda atsikana ndi amayi a zaka za m'ma 20 ndi 30, ndipo ukachotsedwa pafupifupi onse amachira. Choncho mawu oti "chotupa m'kapamba" asakhale chifukwa chotengera wodwala kumudzi kukadikira tsiku, madokotala asanadziwe mtundu wake.

7. Zina zimachokera ku mtundu, zina ku ndudu. Pafupifupi wodwala mmodzi pa khumi amakhala ndi chiyambi cha m'banja, ndipo cholakwika cha m'chibadwa chotchedwa BRCA2, chomwe chimabweretsa khansa ya m'mawere, chimabweretsanso iyi. N'chifukwa chake wodwala auze dokotala ngati amayi, azakhali kapena agogo anadwala khansa ya bere. Kusuta nako kumachulukitsa chiopsezo kawiri. Ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi fodya ndiye amatigulira malata ndi feteleza, ndipo chingambwe chimapichiridwa pakhonde pomwepo, anyamata akuyamba kukoka asanamere ndevu. Kachasu wa tsiku ndi tsiku amatupitsa kapamba kwa zaka, ndipo kapamba wotupatupa ndi amene khansa imameramo mosavuta.