Kodi Matenda a Misala Angafafanize Wilo?

Mwambo wa maliro ukatha, abale amakhala pansi kuti amve wilo, kalata imene malemu anasiya yonena za kagaŵidwe ka chuma chake. Kaŵirikaŵiri amene wamanidwa amadzuka nanena kuti: "Malemuŵa polemba kalatayi mutu wao sunali kuyenda bwino." Kodi mau otereŵa ngokwanira kuti bwalo la milandu liikane wiloyo?

Yankho lake likuchokera pa mlandu wina umene unaweruzidwa ku England m'chaka cha 1870, wodziŵika ndi dzina lakuti Banks v Goodfellow. Bambo John Banks anadwalapo misala mpaka kusungidwa m'chipatala cha odwala matendaŵa. Ngakhale atatuluka, ankakhulupirirabe kuti mizimu yoipa ikumulondola, ndiponso kuti munthu wina amene anali atamwalira kale akumuzunza. M'chaka cha 1863 iye analemba wilo yopereka chuma chake kwa Margaret Goodfellow, mwana wa mlongo wake amene ankakhala naye. Pambuyo pa imfa ya Banks ndi ya Margaret, mwana wa mbale wake wina anakasuma kuti wiloyo inalembedwa ndi munthu wamisala.

Woweruza wamkulu, a Cockburn, anagamula kuti wiloyo njabwino. Iwo anati wolemba wilo ayenera kukwaniritsa zinthu 4. Choyamba, adziŵe kuti chimene akuchita ndi kugaŵa chuma chake, ndipo kuti zidzachitika iye atafa. Chachiŵiri, adziŵe kuchuluka kwa chumacho, ngakhale kuti sangaŵerenge khobiri lirilonse. Chachitatu, athe kukumbukira anthu amene ali woyenera kuwaganizira, monga mkazi, ana ndi ena omudalira. Chachinayi, matendawo asakhale ndiwo amupotoza mtima kuti amane munthu amene akanampatsa akanakhala bwino.

Apa ndiye pagona nkhani. Banks ankaopa mizimu, koma manthawo sanakhudze kagaŵidwe ka chuma. Ankadziŵa nyumba zake, ankadziŵa abale ake, ndipo anasankha mwana amene anali naye pafupi. Koma tate wodwala akakhulupirira zabodza kuti mwana wake akumthirira mankhwala m'nsima, namumana chifukwa cha chimenecho, bwalo likhoza kuikana wilo yotero.

Makhoti a m'Malaŵi anatengera malamulo ambiri a ku England kuyambira m'chaka cha 1902. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011, limene linaloŵa m'malo mwa lija la 1967, likuti wolemba wilo akhale wamkulu ndi wanzeru zolongosoka, ndipo asaine pamaso pa mboni ziŵiri.

Choncho wodandaula sangangonena kuti malemu anali wokalamba kapena woiŵalaiŵala. Bwalo limafuna umboni wa m'mene analiri pa nthaŵi imene ankakonza wiloyo: zolemba za kuchipatala, mau a dokotala, ndi a mboni zija. Wilo ikakanidwa, bwalo limatsata wilo yakale ngati ilipo. Ngati palibe, chuma chimagaŵidwa monga mwa lamulo.

N'chifukwa chake nkwanzeru kulemba wilo thupi ndi mutu zikadali bwino. Nkhalamba kapena wodwala angachite bwino kuitana dokotala kuti amuyeze ndi kulemba zimene wapeza tsiku lomwelo. Pepala limodzi lotero lingapulumutse ana amasiye ku mlandu wa zaka zambiri, umene umadya chuma chimene akulimbiranacho.