Mufuna kudzaza nokha zipolopolo? Yambani na pepala, osati chitsulo

Kuno ku Bauleni mukatchula Chipolopolo, anthu amakumbuka 2012, anyamata atabwera na chikho kuchoka ku Libreville. Koma amene mumagwira ntchito pa mapulazi a ku Leopards Hill Road mudziwa chipolopolo chinacho, chija chimene abwana amasunga mu sefa. Ena mwa inu muli na mfuti ya laisensi, mumatenga chilolezo chosaka nyama, ndipo mtengo wa bokosi limodzi mu shopu umakudulani mawondo. Ndiye maganizo amabwera: bwanji osatola zigoba zija zatsala pansi n'kuzidzazanso?

Ntchitoyi iliko, ndipo alenje a ku South Africa na America amaichita maningi. Koma musanatulutse olo ngwee imodzi, mvetserani ndondomeko ya kagulidwe, chifukwa ambiri amayambira kumchira.

Choyamba ni pepala. Mfuti na zipolopolo mu Zambia zili pansi pa Firearms Act, Chapter 110. Kupezeka na chipolopolo popanda laisensi ni mlandu wa ndende, olo mukhale mulibe mfuti. Pitani ku polisi, ku ofesi yoona za mfuti, mufotokoze zimene mufuna kuchita, ndipo yankho likhale lolembedwa. Mawu a pa shopu akuti "palibe vuto mudala" sadzakuimirani pa khoti. Musatengere za kumwera: lamulo la South Africa la 2000 limalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake, koma lamulo limenelo siliwoloka Chirundu pamodzi na katundu wanu. Kulowetsa zipangizo zotere m'dziko kulinso na mapepala ake. Akakana, nkhani yathera pomwepo, ndipo mwapulumutsa ndalama.

Chachiwiri ni buku. Makampani monga Hornady, Lyman na Speer amasindikiza mabuku oonetsa mtundu wa onga na muyeso wake pa chipolopolo chilichonse, zimene anayesa na makina. Onga wa Somchem wa ku South Africa nawonso uli na ndandanda yake. Muyeso wa onga wina sugwira pa onga wina. Manambala a pa WhatsApp, kapena a mnzanu amene "amadziwa", asiyeni komweko.

Chachitatu ni sikelo, ndipo apa musaumire. Onga amauyeza mu grain, ndipo grain 15 na kanusu ndiwo akwana gramu imodzi. Sikelo ya tomato kapena ija yoyezera golide ya pa msewu siingathandize. Kwa ife okhala na magetsi ozimazima, sikelo ya mkono yopanda batire ndiyo bwenzi: siisamala kuti ZESCO yachita zotani lero. Pambali pake gulani kalipa yoyezera kutalika, chifukwa chigoba chimatalika pang'ono nthawi iliyonse chikawombedwa, ndipo chikapitirira muyeso chifunika kudulidwa na kachipangizo kake.

Manje tifike pa pulesi, chitsulo cha mkono chimene chimakankha chigoba. Woyamba kumene agule ya ntchito imodzi pa nthawi, imene pa bokosi alemba single stage. Imachedwa, zoona, koma diso lanu limaona chigoba chilichonse. Zija zothamanga zimapanga zipolopolo zambiri, zimapanganso zolakwa zambiri. Lee ndiyo yotsika mtengo, RCBS na Redding n'zodula komanso zolemera. Zonse zimagwira ntchito ngati mwazimanga na mabauti pa tebulo losagwedera.

Madayi ndiwo amasokoneza anthu. Dayi ni kachubu ka chitsulo kamene mumapotokolera pamwamba pa pulesi, ndipo m'kati mwake anasema mawonekedwe a chipolopolo cha mtundu umodzi chabe. Pa mfuti zambiri zosakira, bokosi limakhala na madayi awiri. Loyamba limabweza chigoba pa saizi yake n'kuchotsa primer yakale, kabatani kaja ka kumatako kamene kamayatsa moto. Lachiwiri limakhazika mutu watsopano. Mukayamba, tengani la full length, lokonza chigoba chonse, kuti chilowe bwino mu mfuti. Lija lokonza khosi lokha muzaliganizira patsogolo.

Musanagule, werengani zimene zadindidwa pa mpope wa mfuti yanu, chilembo na chilembo. Onani msampha uwu: .308 Winchester na .30-06 zimatenga mutu wa ukulu umodzi, ndipo zimagwidwa na shell holder imodzi, kachitsulo kogwira chigoba kumatako. Koma madayi ake ni osiyana, chifukwa chigoba cha .30-06 n'chachitali. Wogulitsa akati "ni chimodzimodzi, zonse ni 30", bwezani ndalama m'thumba. Chabwino n'chakuti madayi ambiri ali na mazinga ofanana, a 7/8-14, ndiye dayi la Lee limalowa pa pulesi ya RCBS popanda ndewu.

Dayi la salaula liunikeni na tochi. Dzimbiri kapena mzere m'kati udzakanda chigoba chilichonse chimene chipitamo. Musaiwale mafuta ake opaka pa chigoba. Chikalowa chouma chimakanirira, ndipo hamala siichotsa, imangowononga dayi.

Zigoba nazo, gwiritsani ntchito zanu zokha, zimene munawomba mwekha. Zotola m'thengo simudziwa zawombedwa kangati. Zambiri za asilikali zili na timabowo tiwiri pansi m'malo mwa limodzi, ndipo zimathyola kanyereti ka dayi. Kuposa apo, muzamuuza chiyani wapolisi akakupezani nazo?

Funso lomaliza si la mu shopu, ni la panyumba. Muzagwirira kuti? Ngati muli pa lendi, chipinda chimodzi, mbaula pakhomo, kandulo pa tebulo magetsi akapita, ana a neba akulowa na kutuluka, malo amenewo si a onga. Pafunika chipinda chokhoma, chouma, chopanda moto, fodya kapena mowa, na magalasi oteteza maso. Akuluakulu a kumudzi adzakuuzani za gogodela, mfuti zija zodzazira kukamwa, na alenje amene anatsala na zala zitatu chifukwa choyeza onga na diso. Mfuti ya masiku ano ili na mphamvu yoposa pamenepo, ndipo ikaphulika imaphulikira pafupi na nkhope yanu.

Werenganinso masamu. Chilolezo chosaka cha Department of National Parks and Wildlife chimatchula nyama zowerengeka. Ngati pa chaka mumawomba bokosi limodzi kapena awiri, pulesi, madayi, sikelo na buku zizatenga zaka kuti zibweze ndalama. Amene amapindula ni uja amawomba chandamale kawirikawiri. Ndipo ngati wina wakunong'onezani kuti mudzaze zogulitsa mu komboni, kapena zokayesa pa mbawala za mu Lusaka National Park apa pafupi, dziwani kuti njira imeneyo imathera ku Chimbokaila.

Pepala, buku, sikelo, malo, kenako pulesi na madayi. Chimodzi chikasowa, kagulani bokosi la mu shopu, mugone tulo.