Kuyeza mankhwala osokoneza bongo: tsitsi limasunga mbiri ya miyezi itatu

Mnyamata wa ku Angónia kapena ku Tsangano akasiya khasu n'kupita kukafuna ntchito yoyendetsa galimoto zazikulu kapena ya kumigodi, nthawi zina amauzidwa kuti ayambe wayezedwa ngati amagwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo. Njira zoyezera zilipo zingapo, ndipo iliyonse imaona kutalika kwake.

Magazi ndi malovu zimaonetsa za posachedwa. Mankhwala ambiri amapezekamo kwa maola ochepa mpaka tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake njirazi zimathandiza pakachitika ngozi, pofuna kudziwa ngati dalaivala anali ataledzera pa nthawiyo.

Mkodzo ndiwo umayezedwa kwambiri chifukwa ndi wotsika mtengo ndipo zotsatira sizichedwa. Umaonetsa za masiku 2 mpaka 4 apitawo. Chamba, chomwe ena amati suruma, chimakhalitsa: kwa wosuta tsiku lililonse chingapezeke mpaka pafupifupi mwezi.

Tsitsi ndi nkhani ina. Mankhwala akalowa m'magazi amafika ku mizu ya tsitsi, ndipo likamakula amatsekeredwa mkati mwake. Tsitsi la kumutu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Choncho akadula masentimita 3 kapena 4 kuchokera pakhungu, amaona za masiku pafupifupi 90. Kusiya kwa mlungu umodzi kungapulumutse munthu pa mkodzo, koma osati pa tsitsi. Kumeta mpala sikuthandizanso, popeza amatha kutenga tsitsi la m'khwapa kapena la pachifuwa. Ku Brazil, kuyambira 2016, madalaivala a malole ndi mabasi amakakamizidwa ndi lamulo kuyezedwa m'njira yoona masiku 90, ndipo ambiri amapereka tsitsi.

Komabe tsitsi lili ndi zofooka zake. Mankhwala amatenga mlungu umodzi kapena kuposerapo kuti aoneke, kotero silinganene ngati munthu waledzera lero. Nthawi zambiri siligwira wosuta chamba kamodzi kokha. Utsi ndi fumbi la mankhwala zimatha kumatirira kunja kwa tsitsi la munthu wosagwiritsa ntchito, ndiye ku labotale amayamba alitsuka. Chinanso chotikhudza ife: tsitsi lakuda limagwira mankhwala ena, monga kokeni, kwambiri kuposa tsitsi loyererako. Kuyezaku n'kodulanso ndipo zotsatira zimatenga masiku angapo.

Kwathu kuno ambiri safuna kuti tsitsi lawo ligwidwe ndi mlendo poopa zamatsenga. Oyeza amadula kachingwe kochepa kumbuyo kwa mutu, n'kukatsekera mu envulopu inu mukuona. Musasaine musanaone kuti yamatidwa ndipo yalembedwa dzina kapena nambala yanu.

Ngati mukumwa mankhwala a kuchipatala, makamaka opha ululu kapena a chifuwa okhala ndi codeine, nenani musanayezedwe ndipo onetsani chikalata cha dokotala. Zotsatira zoyamba zikanena kuti mwapezeka nawo pamene inu simugwiritsa ntchito, pemphani kuyeza kwachiwiri kotsimikizira ku labotale, chifukwa koyambako kumatha kulakwitsa.

Muno mu Mozambique, lamulo nambala 3/97 limaletsa kulima, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito chamba. Amene akufuna kusiya koma zikumuvuta apite kuchipatala chapafupi akalankhule ndi azaumoyo, asadikire tsiku lofunsira ntchito.