MUNTHU WOIMA PAMPHASA

Ambiri a inu munaonapo mpikisano wa liwiro pa bwalo la sukulu. Othamanga amandanda pamzere, mphunzitsi mmodzi amawauza kuti ayambe, ndipo mphunzitsi wina amaima kumapeto kwa bwalo kuti aone amene wafika poyamba. Mphunzitsi wa kumapetoyo sathamanga ai. Amangopita pamalo pace pang'onopang'ono, naima, nadikira. Koma kuli mpikisano wina umene bwalo lace ndilo dziko lonse lapansi, ndipo m'menemo munthu woima kumapeto ndiye ayenera kufulumira koposa onse.

Mpikisanowo dzina lace ndi The Amazing Race, ndiko kunena kuti Mpikisano Wodabwitsa. Umaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya CBS ku America, ndipo unaonetsedwa koyamba pa 5 September 2001. Anauganiza ndi anthu awiri, Bertram van Munster ndi Elise Doganieri. Kacitidwe kace nkotere. Kawirikawiri pamakhala magulu 11 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo gulu liri lonse liri ndi anthu awiri odziwana: munthu ndi mkazi wace, kapena ndi mbale wace, kapena ndi bwenzi lace. Ulendo wao umagawidwa m'ndime, monga momwe alimi amagawira munda. Pa ndime iri yonse amapeza makalata m'maenvulopu owauza kumene ayenera kunka ndi nchito imene ayenera kugwira, ndipo amayenda pa ndege, pa basi, pa bwato kapena pansi kufikira atafika pamalo opumulira. Pamenepo pamayalidwa mphasa. Si ya bango ai, koma yopangidwa m'fakitale, yojambulidwa mapu a dziko lapansi. Gulu lofika potsiriza kawirikawiri limacotsedwa, ndipo limene lapambana pa ndime yotsiriza limalandira madola 1,000,000.

Ife a m'Zambia tiri ndi cifukwa codziwira mpikisano umenewu. M'caka ca 2001 magulu ananyamuka ku New York, nadzera ku Johannesburg, natera ku Livingstone. Kalata wao anawauza kuti afune utsi umene umagunda, ndiwo mathithi a Mosi-oa-Tunya. Atacoka kumeneko ananka ku phompho la Batoka, kumene ambiri a iwo anadumpha atamangidwa zingwe, ndipo malo oyamba opumulira a mpikisano wonsewo anali mudzi wa Songwe. M'caka ca 2015 anabweranso ku Livingstone, nafika ku mudzi wa Mukuni.

Munthu amene amaima pamphasa kulandira othamanga ndiye Phil Keoghan. Iye anabadwa mu 1967 ku New Zealand, ndipo zaka zina za ubwana wace anakhala ku Canada ndi ku cisumbu ca Antigua. Ali ndi zaka 19 anasokera m'kati mwa sitima yomira pansi pa nyanja, ndipo anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Atatuluka analemba papepala zinthu zonse zimene anafuna kucita asanafe. Phil watsogolera mpikisano wa ku America kuyambira pa ciyambi, ndipo pofika 2025 mipikisanoyo inali itapitirira 35.

Woonera kanema akamuona, amaganiza kuti nchito yace njapafupi. Malaya ace ali bwino, nkhope yace njodekha, ndipo pambali pace paima munthu wa m'dzikomo wobvala zobvala za kwao, amene amapatsa alendo moni. Othamanga amafika ali wefuwefu, thukuta liri kamukamu, koma iye ali phee, monga munthu amene wagona tulo tabwino. Kodi anafika bwanji pamenepo iwo asanafike?

Yankho lace nlakuti iyenso ali pa mpikisano, koma wace suonetsedwa. Njira yonse imene magulu amayenda iyenso amaiyenda. Mpikisano woyamba unali wa makilomita pafupifupi 56,000, ndiko kuposa kuzungulira dziko lapansi kamodzi, pakuti kuzungulira dziko ndi makilomita 40,000. Ngati mufuna kumvetsa kutalika kwace, ganizirani munthu woyenda mseu wa pakati pa Lusaka ndi Chipata pafupifupi nthawi 100. Ulendo wonsewo unatha m'mwezi umodzi, ndipo mipikisano ya pambuyo pace imatha m'masabata atatu kapena anai. Phil alibe njira yacidule. Zaka zambiri anali kukwera ndege za anthu onse, ndipo nthawi zina anali m'ndege imodzimodzi ndi othamanga. Tsono ndege ikatera, iwo amathamangira galimoto zao, iyenso amathamangira yace.

Ndipo iye sangalunjike kumphasa. Poyamba ayenera kuima pa malo ali onse pamene pali nchito yoti othamanga agwire, kuti ajambulidwe akufotokozera oonera malamulo a nchitoyo. Akalakwa liu limodzi amabwereza. Galimoto ikadutsa ndi phokoso amabwereza. Nthawi yonseyo gulu lotsogola liri kuyandikira, ndipo ngati gululo lapeza woyendetsa galimoto wodziwa bwino miseu, lingathe kumpitirira. Cinthu cimene anthu a kanema amaopa ndico cakuti gulu lifike pamphasa popanda wolilandira, cifukwa cisangalalo ca munthu wofika poyamba sicingabwerezedwe. Mukamuuza kuti abwerere napondenso pamphasa kaciwiri, nkhope yace idzakhala ya munthu wocita sewero, ndipo oonera adzazindikira.

Atatha kuthamanga kotere, amayamba nchito ina yobvuta mwa njira yace, ndiyo kudikira. Gulu loyamba lingafike masana, lotsiriza nkufika pakati pa usiku, ndipo iye sangacoke, kaya kuli dzuwa, kaya mvula, kaya cisanu. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Pa mipikisano yoyamba lamulo linali lakuti gulu liri lonse lipumule maola 12 lisanayambe ndime yotsatira. Tiyerekeze kuti gulu loyamba lafika 2 koloko masana. Lidzanyamuka 2 koloko usiku. Ngati gulu lotsiriza lafika 11 koloko usiku, Phil watsala ndi maola atatu okha kuti alankhule nalo, adye, asambe, agone, ndi kuyambanso ulendo. Otsogola apumula maola 12, otsalira nawonso adzapumula maola 12, koma munthu wa pamphasa sapumula monga iwo, cifukwa ayenera kukhalapo pofika woyamba ndi pofika wotsiriza.

Pali bvuto linanso limene woyenda pansi salidziwa. Dzuwa silituluka nthawi imodzi pa dziko lonse. Pamene ku Lusaka dzuwa liri paliwombo, ku New York kumakhala kudakali mbandakuca. Munthu akauluka ulendo wautali kunka kum'mawa kapena kumadzulo, thupi lace limasokonezeka: tulo timabwera masana, usiku maso ali gwa. Thupi limafuna masiku angapo kuti lizolowere, koma pa mpikisano umenewu masikuwo palibe. Lisanazolowere dziko limodzi, munthu ali kale m'dziko lina.

Tsono tione cimene amacita gulu likaponda pamphasa. Iye sanaone zimene zinacitika m'njira, komabe ayenera kuzidziwa. Anzace a nchito amamtumizira mau pa foni: awa anakangana, awa anasokera, awa anaphwanya lamulo. Gulu likaphwanya lamulo, iye ndiye amaliuza kuti likhale pambali, kawirikawiri mphindi 30, ndipo liri cikhalire lingaone anzace akulipitirira. Saloledwa kukondera ngakhale amene amseketsa kapena amene awamvera cisoni. Ndiponso asanatsegule pakamwa saonetsa pankhope pace ngati mau ali abwino kapena oipa. Amayamba wakhala cete pang'ono, nakweza nsidze imodzi, ndipo nsidze imeneyo yachuka pakati pa oonera monga mwini wace. Ena amati kucedwa kumeneko nkuzunza anthu otopa, ndipo ponena cotero sanama kwenikweni. Koma kanema amadya ndi mitima ya oonera, ndipo mtima umagunda pamene munthu sanadziwe.

Mau olemera koposa ndi amene amauza gulu lotsiriza. Anthu awa anasiya nchito zao ndi ana ao, ena anayembekeza zaka zambiri kuti asankhidwe, ndipo tsono ayenera kumva pamaso pa makamera kuti ulendo wao watha. Pa mpikisano woyamba nchito ya Phil pamphasa inali yomweyi yokha: magulu ena anali kulandiridwa ndi munthu wa m'dzikomo, iye nabwera kudzalankhula ndi otsiriza. Kuyambira pa mpikisano waciwiri anayamba kulandira onse. Atanena mau owawawo sawathamangitsa. Amawafunsa cimene aona pa ulendo, ndi cimene ali yense afuna kunena za mnzace, kuti munthu acoke akulankhula za mbale wace, osati za kugonja kwace kokha. Apa ndipo pamaonekera luso lace koposa pena pali ponse.

Nthawi zina gulu silifika konse. M'caka ca 2004, pa munda wina ku Sweden, panali mitolo ikuluikulu ya udzu wouma yokwana 270, ndipo makalata anabisidwa m'mitolo 20 yokha. Lamulo linali lakuti mmodzi yekha wa gulu afunyulule mitoloyo, mnzace angoyang'ana. Magulu ena anapeza kalata msanga, nacoka. Koma panali akazi awiri apacibale amene mwai unawathawa. Mmodzi wa iwo anakankha mitolo maola oposa asanu ndi atatu, kufikira kunada, osapeza kanthu, ndipo sanaleke. Potsiriza Phil anacoka pamphasa, nawatsata kumundako mu mdima, nawauza komweko kuti magulu onse afika kale.

Musaganize kuti Phil ndiye yekha wobisika m'nchito imeneyi. Mutu umodzi susenza denga. Gulu liri lonse limayenda ndi anthu awiri amene oonera sawaona: wina wonyamula kamera, wina wojambula mau. Othamanga akathamanga, iwonso amathamanga, katundu ali paphewa, ndipo wa kamera nthawi zina amathamanga cam'mbuyo kuti ajambule nkhope. Cifukwa cace gulu likafika pa bwalo la ndege liyenera kupeza malo a anthu anai, osati awiri. Ngati m'ndege mwatsala mipando itatu, gululo silikwera. Ojambulawa saloledwa kuthandiza. Angadziwe bwino lomwe kuti gulu lao lalowera njira yolakwa, koma amangotsata cete. Ndipo amasinthidwa kawirikawiri, kuti pasakhale cibwenzi pakati pa iwo ndi gulu limodzi.

Mpikisano usanayambe, akulu a nchito amayenda njira yonse miyezi ingapo pasadakhale. Amapempha cilolezo kwa maboma ndi kwa mafumu, amayesa nchito iri yonse kuti aone ngati ingacitike popanda ngozi, ndipo amalemba anthu a m'dzikomo: oyendetsa galimoto, omasulira zinenero, oweruza nchito. Nchito zambiri zimene othamanga amapatsidwa ndi zimene eni dziko amagwira tsiku ndi tsiku. Pamene mpikisano unafika ku Malawi mu 2011, alendowo anakankha mabelo a fodya m'nyumba yosungiramo fodya ku Lilongwe, ananyamula anthu panjinga ku Salima, ndipo anapalasa mabwato pa nyanja. Anabvutika ndithu, ndipo eni nchitozo anali kuyang'ana.

Ulendo ukatha, nchito siinathe. Ojambula amabwera ndi zithunzi za maola mazanamazana, ndipo anthu ena amakhala pansi miyezi kusankha zoti zionetsedwe. Ndime imene inatenga masiku awiri imaoneka pa kanema ola limodzi kapena ola ndi theka. Cotero zimene woonera amaona zinacitikadi, koma ndi zosankhidwa. Kudikira kwa pa bwalo la ndege, njala, ndi usiku wa pamphasa, zambiri zimatayidwa. Phil amalowanso m'cipinda cojambuliramo mau, nanena mau amene mumamva pamwamba pa zithunzi. Nthawi yonseyo iye adziwa amene anapambana, koma sauza munthu. Ngakhale magulu ocotsedwa sabwerera kwao msanga, cifukwa anansi akawaona angadziwe kuti agonja. Amasungidwa pamalo ena obisika, ndipo tsiku lotsiriza amawatengera kumapeto kwa mpikisano kuti akaombere m'manja opambana.

Kamodzi Phil ananena mau amene sanali m'malamulo. Mu February 2020, magulu atayenda ndime zitatu zokha ku England ndi ku Scotland, matenda a COVID-19 anayamba kufalikira pa dziko lonse. Iye anasonkhanitsa magulu onse asanu ndi anai otsala, nawauza kuti mpikisano waima, ndipo ali yense abwerere kwao. Panapita miyezi 19. Mu September 2021 anayambanso ku Switzerland, ndipo tsono anali kuyenda pa ndege yaoyao yobwereka, kuti apewe khamu la anthu. Koma magulu anai sanathe kubwera, cifukwa m'miyezi imeneyo moyo wao unali utasintha. Cotero akulu a nchito anaitananso magulu awiri amene Phil anali atawauza kale kuti ulendo wao watha, ndipo iwo anabwera, naimanso pamzere pamodzi ndi anzao.