Kumangirira Mpope wa Utsi pa Galimoto Yodzipangira

Ku England kuli anthu amene sagula galimoto yathunthu, koma amagula ziwalo zace m'mabokosi, nazilumikiza okha kunyumba. Yodziwika kwambiri ndiyo Lotus Seven, imene Colin Chapman anayamba kugulitsa mu 1957. Masiku amenewo wogula motero sankalipira msonkho umene unkaikidwa pa galimoto yomangidwa kale. Mu 1973 kampani ya Caterham inatenga nchitoyo.

Galimoto imeneyi ndi yaifupi, mimba yace itatsala pang'ono kukhudza pansi, kotero mpope wa utsi, umene amakaniko amati ekizozi, kawirikawiri umadzera m'mbali, kunja. Tsono munthu angayese kuti nzeru ndiyo kuumanga zolimba ndi mabauti ku cimango ca galimoto. Iai, anzanga, kutero ndiko kuuthyola.

Taganizani. Injini siikhala cete. Imakhala pa mphira, ndipo woyendetsa akaponda moto imapendekeka pang'ono ndi kunjenjemera. Mpope uja mutu wace ngwomangidwa ku injiniyo, ndiye nawonso uyenera kugwedezeka. Ngati mcira wace wagwidwa nganganga ku cimango, citsulo cimapindika uku ndi uku, monga waya amene tifuna kumdula ndi manja, mpaka cing'ambika pamene anaocherera.

Palinso kutentha. Amene tinaona mpira wacitsulo ukukana kulowa m'mphete yace utatenthedwa m'kalasi la sayansi tidziwa kuti citsulo cimakula ndi moto. Mpope wa mamita 2 ukatentha ndi madigiri 400 umatalika pafupifupi sentimita imodzi. Nkanthu kocepa, inde, koma kasowe kopita, kadzang'amba mpope kapena kuthyola bauti.

Cifukwa cace womanga wanzeru amalimbitsa mpope ku injini kokha, ndipo kwina konse amaika mphira pakati pa mpope ndi cimango. Pofunika kwambiri ndi pa sailensa, cigubu cija cocepetsa phokoso, pakuti ndico colemera. Kamphira kobulungira kokhala ndi bauti uku ndi uku kamakhalitsa ngati sailensa yakhala pamwamba pace ndi kukapanikiza. Kakamakokedwa sikacedwa kuduka. Ndiponso mphira imaopa moto, motero kacitsulo kogwira mpope kakhale kotalikirapo kuti kutentha kuthere m'njira. Ine ndiona kuti nkwabwino kuyamba kuimika mpope wonse pa matabwa, mabauti ali omasuka, ndi kumanga pomalizira kuyambira ku injini, kuti pasakhale pokakamiza.

Mpope utalikirane ndi mapaipi a petulo ndi a mabuleki, ndipo kukamwa kwace kuloze kutali ndi okwera. Mu utsi muli mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umagoneka munthu tulo ndi kumupha. Pa mpope wa m'mbali amaikaponso cophimba ca citsulo cobooka-booka, kuti wotsika asapse mwendo.