Judo ndi Masewero Ogwetsana

Ambiri a ife timayesa kuti judo ndi nzeru za Ajapani okha. Komatu Jigoro Kano, amene anayambitsa judo ku Tokyo m'chaka cha 1882, anatengerako zina kwa ogwetsana a kwa Azungu. Kagwetsedwe kotchedwa kata guruma, konyamula mnzako pamapewa ngati thumba la chimanga, kanachokera kumeneko.

Naidan Tüvshinbayar wa ku Mongolia anakulira m'masewero ogwetsana akwawo otchedwa bökh. Mu 2008 ku Beijing anapambana mendulo yagolide ya judo, yoyamba ya dziko lake pa Olympic, akugwetsa anzake powagwira miyendo. Kagwiridwe kotere katachuluka, akuluakulu a judo analetsa mu 2010 kuthamangira mwendo ndi manja, poopa kuti judo ingasanduke kugwetsana wamba. Ngakhale anamumanga manja chotero, mu 2012 ku London mkuluyu anatenganso mendulo yasiliva.